Kaphwanyidwe ka Nambala Yaikulu: Tiyesere pa 31,536,000

Nambala yaikulu imaopsa ikadali yathunthu. Mukangoiphwanya n'kupeza timanambala timene tinaipanga, mafunso ena onse okhudza mtundu wake amayankhika mosavuta: manambala oigawa alipo angati, akaphatikizidwa amakwana zingati, ndi square (nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe) kapena ayi, ili m'gulu liti. Choncho ntchito yaikulu ndi imodzi yokha, kuiphwanya, ndipo tikhalitsa pamenepo.

Ndasankha 31,536,000. Sindinaitole pamsewu. Ndi chiwerengero cha masekondi a m'chaka cha masiku 365: masekondi 60 kuchulukitsa ndi mphindi 60 ndi 3,600 pa ola, kuchulukitsa ndi maola 24 ndi 86,400 pa tsiku, kuchulukitsa ndi masiku 365 ndi 31,536,000. Okonza mawebusaiti amaidziwa pamtima chifukwa ndi imene amalemba akafuna kuti kompyuta isunge fayilo kwa chaka chathunthu. Koma pakali pano iwalani kumene yachokera. Tiyerekeze kuti wina wangokupatsirani papepala.

Tengani kope, pensulo ndi calculator. Ya pafoni ndiyo yabwino, chifukwa timakina tating'ono ta m'magolosale timathera pa madijiti 8, pomwe ife tifika mpaka pa 11.

Gawo loyamba: ilembeni bwino

Ikani makoma mukuwerenga madijiti atatuatatu kuchokera kumanja. Mupeza magulu atatu: 31, 536 ndi 000. Ndi mamiliyoni 31 ndi masauzande 536, madijiti onse 8. Zikuoneka zachibwana, koma ziro mmodzi akasowa pano, zonse zimene muchite kutsogoloku zikhala za nambala ina.

Gawo lachiwiri: yambirani kumchira

Musathamangire kugawa. Yang'anani kaye kumapeto kwa nambala, chifukwa 2 ndi 5 amadziulula okha kumeneko.

Nambala yathu ikuthera ndi maziro atatu. Ziro aliyense ndi 10, ndipo 10 ndi 2 × 5. Dulani maziro atatuwo, mulembe pambali kuti mwasunga ma 2 atatu ndi ma 5 atatu. Mwatsala ndi 31,536.

Imeneyi ikuthera ndi 6, kutanthauza kuti 5 watha, sangalowenso. Koma 2 akadalipo. Muziidula pakati mpaka itakana:

31,536 ÷ 2 = 15,768
15,768 ÷ 2 = 7,884
7,884 ÷ 2 = 3,942
3,942 ÷ 2 = 1,971

Kanayi. Kuphatikiza ndi atatu aja, ma 2 akwana 7. Ambiri amalakwitsa apa: amaiwala ma 2 amene anabwera ndi maziro, n'kulemba 4. Muzilemba chilichonse pambali nthawi yomweyo, musadalire mutu.

Gawo lachitatu: phatikizani madijiti

Tsopano tili ndi 1,971. Kuti mudziwe ngati 3 kapena 9 angalowe, phatikizani madijiti ake: 1 + 9 + 7 + 1 = 18. Popeza 9 amalowa mu 18 popanda chotsala, amalowanso mu 1,971, ndipo 1,971 ÷ 9 = 219. Bwerezani: 2 + 1 + 9 = 12. Apa 9 wakana koma 3 walola, 219 ÷ 3 = 73. Mu 9 muli ma 3 awiri, kuonjezera uyu, ma 3 akwana atatu.

Njira imeneyi si matsenga. 10 ndi 9 + 1, 100 ndi 99 + 1, 1,000 ndi 999 + 1. Mukalemba 1,971 ngati 1 × 999 + 9 × 99 + 7 × 9, chimene chimatsala kuti ikwane ndi 1 + 9 + 7 + 1. Mbali yoyambayo 9 amaigawa kale, choncho mlandu wonse umatsalira pa madijiti aja.

Gawo lachinayi: 7, 11 ndi 13 pa ulendo umodzi

Kusukulu atatuwa amaphunzitsidwa padera, aliyense ndi lamulo lake, ndipo la 7 ndi lovuta kukumbukira. Ine ndimakonda njira imodzi yowagwira onse pamodzi, yotsamira pa mfundo yakuti 7 × 11 × 13 = 1,001.

Bwererani ku magulu a madijiti atatuatatu aja. Kuyambira kumanja, muzichotsera ndi kuphatikiza mosinthanasinthana: 000 kuchotsa 536 kuphatikiza 31. Yankho ndi 505 ya pansi pa ziro, koma chizindikirocho musachilabadire. Tsopano funsani 505 m'malo mwa nambala yaikulu ija. 7 × 72 = 504, kutsala 1. 11 × 45 = 495, kutsala 10. 13 × 38 = 494, kutsala 11. Onse atatu akana, choncho palibe amene amagawa 31,536,000.

Pa nambala yathuyi tikanatha kungoyesa 73 mwachindunji. Ndaikapo gawoli chifukwa mukadzakumana ndi nambala yopanda maziro kumchira, ya madijiti 9 kapena 12, njirayi idzakupulumutsani ku long division katatu.

Gawo lachisanu: dziwani polekera

Tatsala ndi 73. Kodi iyeyu angaphwanyikenso, kapena ndi prime, nambala imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi?

Simuyenera kuyesa manambala onse kuyambira 2 mpaka 72. Ngati nambala yapangidwa pochulukitsa ma factor (manambala oigawa) awiri, mmodzi mwa iwo sangapose square root yake (nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imabweretsa nambala yanuyo), chifukwa onse awiri atakhala aakulu kuposa pamenepo, kuwachulukitsa kungapitirire nambalayo. 8 × 8 = 64 ndipo 9 × 9 = 81, choncho square root ya 73 ili pakati pa 8 ndi 9. Yesani ma prime osapitirira 8: 2, 3, 5 ndi 7. Onse akana. 73 ndi prime, ndipo ntchito yophwanya yathera pomwepa:

31,536,000 = 2⁷ × 3³ × 5³ × 73

Musapitirire musanatsimikize. 2⁷ ndi 128, 3³ ndi 27, 5³ ndi 125. 128 × 27 = 3,456. 3,456 × 125 = 432,000. 432,000 × 73 = 31,536,000. Yabwerera mwakale.

Nambala iliyonse yoposa 1 imaphwanyika mwa njira imodzi yokha. Kaya muyambire pa 3, kaya pa 73, mudzafika pa mzere womwewu. Maziko a mfundoyi ali kale m'mabuku a Euclid wa ku Alexandria, a zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe.

Tsopano kumbukirani kumene nambalayi inachokera, muyang'anenso mzerewo. Ma 2, ma 3 ndi ma 5 ambiriwo ndi a anthu. Kuwerenga m'magulu a 60 kunachokera ku Babulo wakale, ndipo kugawa usana m'zigawo 12 ndi usiku m'zigawo 12 kunachokera ku Iguputo. Manambala ngati 60 ndi 24 amagawika mosavuta, n'chifukwa chake anakhalitsa. Koma 73 palibe anamusankha. Anabwera ndi 365, amene ndi 5 × 73, chiwerengero chimene dzuwa linatikakamiza. Kwa ine apa ndi pamene masamu amenewa amakoma: mlendo yekhayo pamzerewu ndi amene akuloza kumwamba.

Pamene nambala yakana kuphwanyika

Kunena zoona, 31,536,000 ndi nambala yaulemu. Zambiri sizitero. Tengani 1,000,001. Sikuthera ndi ziro, 5 kapena nambala ya even. Madijiti ake akuphatikizana kukhala 2, choncho 3 palibe. Magulu ake akupereka 001 kuchotsa 000 kuphatikiza 1, yankho 2, choncho 7, 11 ndi 13 palibenso. Mumayamba kuganiza kuti ndi prime. Mumayesa 17, 19, 23, mpaka 97, onse kukana. Kenako prime wa nambala 26, amene ndi 101, amalowa: 1,000,001 = 101 × 9,901.

Nanga mnansi wake 1,000,003? Square root yake yangopitirira 1,000 pang'ono, ndiye muyenera kuyesa ma prime onse osafika 1,000. Alipo 168, womaliza ndi 997. Onse amakana, ndipo 1,000,003 ndi prime, woyamba mwa ma prime a madijiti 7. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kugawa ka 168 ndi ntchito ya tsiku lathunthu.

Kuti mukhale ndi mndandanda wa ma prime oyesera, gwiritsani ntchito sefa ya Eratosthenes, katswiri wa ku Cyrene amene ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria. Lembani manambala kuyambira 2 mpaka 1,000. Siyani 2, mukhwatche onse ogawika ndi 2. Siyani 3, mukhwatche ake. Pitani pa nambala yotsatira imene sinakhwatchidwe, muchite chimodzimodzi, mpaka pa 31. Otsala pasefa ndiwo ma prime. Pepala limenelo lisungeni, simudzalipanganso.

Musachite manyazi mukapusitsidwa ndi nambala yooneka ngati prime. Katswiri wa masamu Pierre de Fermat ankakhulupirira kuti 4,294,967,297 ndi prime, mpaka mu 1732 Leonhard Euler anaonetsa kuti ndi 641 × 6,700,417. Mu 1903 Frank Nelson Cole anaima pamsonkhano wa akatswiri a masamu ku New York n'kuonetsa kuti 2⁶⁷ − 1, nambala ya madijiti 21, ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Anazipeza ndi manja, kulibe kompyuta.

Lero nambala zoterozo muzingozipereka ku makina. Pa webusaiti ya WolframAlpha mumalemba nambala n'kulandira ma factor ake, ndipo pa kompyuta ya Linux pali lamulo lakuti factor lochita zomwezo. Chenjerani ndi Excel: imasunga madijiti 15 okha, otsatirawo imawasandutsa maziro mwakachetechete. Makinawo nawonso ali ndi polekera. Nambala ya madijiti 250 yotchedwa RSA-250 inaphwanyidwa mu 2020, patagwiritsidwa ntchito makompyuta ochuluka kwa nthawi yaitali. Kuvuta kumeneku ndi kumene njira ya RSA yobisira uthenga pa intaneti imadalira, imene Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anaipanga mu 1977.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: werengani ma factor osawalemba

Tibwerere ku mzere wathu, 2⁷ × 3³ × 5³ × 73. Kodi ndi manambala angati amene amagawa 31,536,000 popanda chotsala?

Tengani mapawa, timanambala ta pamwamba tija tosonyeza kuti prime aliyense walowa kangati: 7, 3, 3 ndi 1 (wa 73, amene salembedwa). Pa iliyonse onjezerani 1, kenako muchulukitse: 8 × 4 × 4 × 2 = 256.

Nanga 1 woonjezerayo ndi wa chiyani? Factor aliyense amapangidwa potapa mu ma prime omwewa. Pa ma 2 mukhoza kutapa mmodzi, awiri, mpaka 7, kapena osatapa ngakhale mmodzi. Kusatapako ndi njiranso, choncho njira zilipo 8. Woiwala zimenezi amapeza 63, n'kutaya ma factor pafupifupi 200. Mukakayika, yesani pa nambala yaing'ono imene mungaione ndi maso. 12 ndi 2² × 3, lamulo likupereka 3 × 2 = 6, ndipo ma factor ake ndi 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12. Ndi 6 ndithu.

Mukafuna a odd okha, tayani ma 2 onse: 4 × 4 × 2 = 32. Otsala 224 ndi a even.

Zimenezi zili ndi tanthauzo pa kalendala. Mwa manambala a pakati pa 1 ndi 12, amene sagawa chaka ndi awiri okha, 7 ndi 11. Chaka chingagawidwe m'miyezi 12 yofanana ndendende, uliwonse wa masekondi 2,628,000, omwe ndi masiku 30 ndi maola 10. Koma masabata sakwanamo bwino: 365 ndi 52 × 7 + 1. Tsiku lotsalalo ndi limene limachititsa kuti tsiku lanu lobadwa likakhala Lolemba chaka chino, chaka chamawa likhale Lachiwiri, pokhapokha 29 February atadutsa pakati.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: yoperewera, yangwiro kapena yosefukira

Uwu ndi mgawanyo wakale kwambiri. Nicomachus wa ku Gerasa, mzinda umene lero ndi Jerash ku Jordan, anaulemba cha m'ma 100 Yesu atabadwa. Phatikizani ma factor onse a nambala kupatula iyo mwini. Akapanda kuifika, nambalayo ndi yoperewera, imene mabuku a masamu amati deficient. Akaifika ndendende ndi yangwiro, perfect. Akaipitirira ndi yosefukira, abundant.

Palibe amene angakhale pansi n'kuphatikiza manambala 256. Chitani izi: pa prime aliyense phatikizani mapawa ake kuyambira pa 1.

Za 2: 1 + 2 + 4 + 8 + 16 + 32 + 64 + 128 = 255
Za 3: 1 + 3 + 9 + 27 = 40
Za 5: 1 + 5 + 25 + 125 = 156
Za 73: 1 + 73 = 74

Chulukitsani mayankho anayiwo. 255 × 40 = 10,200. 10,200 × 156 = 1,591,200. 1,591,200 × 74 = 117,748,800. Amenewo ndi ma factor onse pamodzi ndi mwini wake. Chotsani 31,536,000, mutsala ndi 86,212,800. Yapitirira kutali, pafupifupi katatu. Nambala yathu ndi yosefukira.

Ngati mumangofuna gulu lake, osati chiwerengero chenicheni, pali njira yachidule. Nambala iliyonse yoposa 6 imene 6 amaigawa ndi yosefukira. Onani chifukwa chake pa yathuyi: kuigawa pawiri ndi 15,768,000, patatu ndi 10,512,000, pa 6 ndi 5,256,000. Atatu okhawa akukwana kale 31,536,000, ena 252 asanalowemo n'komwe.

Ma prime onse ndi operewera, popeza alibe china koma 1. Zangwiro ndiye n'zosowa: 6, 28, 496, 8,128, kenako chete mpaka 33,550,336. Yachisanuyi ili pafupi ndi yathu, yangoiposa ndi mamiliyoni awiri ndi pang'ono, koma mkati mwake n'zosiyana kotheratu. Ndi 2¹² × 8,191, ma factor 26 okha. Euclid anaonetsa kuti mukapeza prime wa mtundu wa 2ⁿ − 1, monga 8,191 amene ndi 2¹³ − 1, mumapanga naye nambala yangwiro, ndipo Euler anadzatsimikiza kuti zangwiro zonse za even zimapangidwa choncho. Yangwiro ya odd sinapezekepo mpaka lero, komanso palibe amene waonetsa kuti singakhalepo. Ma prime a mtundu umenewu amatchedwa a Mersenne, ndipo anthu akuwasakabe. Mu October 2024 Luke Durant, kudzera mu GIMPS, ntchito ya pa intaneti yosaka ma prime amenewa, anapeza 2¹³⁶²⁷⁹⁸⁴¹ − 1, wa madijiti 41,024,320.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kodi ndi square?

Yang'anani mapawa. Nambala imakhala square ngati mapawa ake onse ndi a even. Athu ndi 7, 3, 3 ndi 1, onse a odd, choncho si square. Ili pakati pa 5,615², amene ndi 31,528,225, ndi 5,616², amene ndi 31,539,456. Mukanadziwiranso kumchira: square sithera ndi maziro atatu, amakhala awiri, anayi kapena 6.

Funso limene limabwera pamayeso ndi lakuti: muichulukitse ndi nambala yaing'onong'ono iti kuti isanduke square? Patsani prime aliyense wa pawa ya odd mnzake mmodzi: 2 × 3 × 5 × 73 = 2,190. Yankho ndi 69,063,840,000, amene ndi 262,800². Pa cube (nambala ngati 27, amene ndi 3 × 3 × 3) mapawa onse ayenera kugawika ndi 3. Apa 3³ ndi 5³ ali bwino kale, olepheretsa ndi 2⁷ ndi 73.

Palinso chiwerengero cha Euler, chimene chimauza kuti ndi manambala angati, kuyambira 1 mpaka pa nambala yanu, amene sagawana nayo factor aliyense kupatula 1. Chulukitsani nambalayo ndi 1/2, 2/3, 4/5 ndi 72/73, kachigawo kamodzi pa prime aliyense. Yambani ndi kugawa ndi 73 kuti manambala achepe: 432,000 × 72 = 31,104,000, theka lake 15,552,000, magawo awiri mwa atatu 10,368,000, magawo anayi mwa asanu 8,294,400. Mwangozi chabe, yankho limeneli ndi square, 2,880², ndiponso ndi chiwerengero cha timadontho ta pa sikirini ya 4K, 3,840 × 2,160. Palibe chinsinsi chilichonse pamenepo. Manambala opangidwa ndi 2, 3 ndi 5 amakumanakumana.

Za madijiti: izi ndi zovala chabe

Pa intaneti mudzapeza mayina ambirimbiri a magulu a manambala. Ena ndi olemera, ena ndi zoseweretsa, ndipo kuwasiyanitsa n'kosavuta. Dzifunseni: kodi khalidweli lingatsale nambalayi italembedwa mwa njira ina?

Madijiti a 31,536,000 akuphatikizana kukhala 18, ndipo 31,536,000 ÷ 18 = 1,752,000 popanda chotsala. Nambala yogawika ndi chiphatikizo cha madijiti ake imatchedwa Harshad, dzina limene anapereka D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa ku Devlali ku India. N'zosangalatsa, koma zimadalira kuti tikuwerenga m'magulu a 10. Chimodzimodzi palindrome, nambala yowerengeka mofanana kuchokera mbali zonse ngati 1,000,001. Yathuyi si palindrome.

Ilembeni mmene kompyuta imaisungira, mu binary, muone. Njira yake ndi kugawa ndi 2 mobwerezabwereza, kulemba zotsala, n'kuziwerenga kuchokera pansi. Mupeza 1111000010011001110000000, madijiti 25. Maziro atatu aja asowa, 18 uja wasowa. Koma werengani maziro a kumchira: alipo 7, pawa ya 2 ija. Ma factor 256 akadali 256, ndipo 73 sanasunthe.

Yesani nokha

Chaka cha 2028 chidzakhala ndi masiku 366, masekondi 31,622,400. Iphwanyeni musanawerenge mzere wotsatirawu. Maziro ndi awiri okha ulendo uno, ndipo mukadula pakati muziwerenga bwino.

Muyenera kupeza 2⁸ × 3⁴ × 5² × 61. Tsiku limodzi loonjezera lachotsa 73 n'kubweretsa 61, chifukwa 366 ndi 2 × 3 × 61. Ma factor ndi 9 × 5 × 3 × 2 = 270, ndipo akaphatikizidwa onse ndi 511 × 121 × 31 × 62 = 118,839,182.

Mukatha, chulukitsani manambala onse kuyambira 1 mpaka 10. Mupeza 3,628,800, amene ndi 2⁸ × 3⁴ × 5² × 7. Mapawa ndi omwe aja, ma factor ndi 270 omwewo, kungoti pamalo pa 61 pakhala 7. Igaweni ndi 86,400 muone masiku amene atuluke: 42, masabata 6 osapitirira ngakhale sekondi imodzi.